Kandulo ya Veljko

Drenik, 11 Okutobala 2004

Smiljana mwana wanga,

Moni kuchokera kwa azakhali ako. Uli bwanji kumeneko? Kapena ndiziti muli bwanji, a Meya? Kuno tili bwino, kupatula maondo angawa amene amadziwa za mvula wailesi isananene.

Uthenga woti wapambana unatipeza tikutcheza rakija, kachasu wathu uja, poti mapulamu chaka chino anachita kuthyola nthambi. Atate ako anangoti, "Ndiye kuti mzinda wonse wa Topolnik wasowa amuna," n'kupita kuseri kwa shedi. Anabwerako maso ali psuu, ati ndi utsi. Obrad ndi mlongo wanga, ndinamubereka kumsana ndine, utsi wakewo ndimaudziwa. Tsiku limenelo aliyense wodutsa pamsewu anamwa, wofuna ndi wosafuna yemwe.

Tsono nkhani imene yandigwiritsa cholembera ndi ya mlongo wako. Pa foni ya kusitolo sindingainene, mayi wa pamenepo makutu ake ndi aatali. Chiyambire tsiku lija Veljko anagulitsa makina osokera a malemu amayi ako kuti akagule ufa wodzibaya nawo uja, atate ako n'kumupirikitsa, dzina lake silinamvekenso m'nyumba muno. Bedi lake analiwaza n'kusonkhezera moto wa rakija. Zimenezo ukuzidziwa. Chimene sukudziwa ndi cha kutchalitchi. Lamlungu lililonse Obrad amayatsa kandulo yako pamwamba, pa malo a amoyo. Akatero amawerama n'kuzika makandulo awiri mumchenga wa pansi, pa malo a akufa. Imodzi ndi ya amayi ako. Inayo ndi ya Veljko.

Ndinamugwira chigongono, ndikuti, "Iwe Obrad, mutu ukuyenda? Mwana ali moyo uyo!" Iye osandicheukira n'komwe, ati, "Amene ndinabereka ine anafa. Amene akuyendayo sindikumudziwa."

Mwana wanga, zimenezi zikundiopsa. Iwe tsopano mzinda uli m'manja mwako, tamufunafuna. Undiuze ngati akudya, ngati ali ndi jasi, chifukwa chisanu chayandikira.

Ine azakhali ako,
Kosara


Topolnik, 20 Januwale 2005

Atate,

Ndikhulupirira muli bwino, ndiponso kuti phewa lija lasiya kuvuta. Kuno kukuzizira koopsa, moti ntchito yanga yoyamba pa umeya yakhala kulimbana ndi mapaipi ophulika.

Veljko ndamupeza. Sindinachite kumufuna. Ndinapita kukayendera chitokosi cha polisi monga amachitira meya watsopano, makoma atapakidwa laimu dzulo lake kuti ndione zoyera. Pasimenti panagona anyamata akunjenjemera, ena akusanza. Mmodzi anadzutsa mutu n'kunena kuti, "Achemwali, chipewacho chakukhalanitu." Anali iyeyo. Mkulu wa polisi anasowa poyang'ana. Ndinafunsa mlandu wake, anandionetsa kaufa kosadzaza ndi chikhadabo chomwe. Ndinafunsa kuti wagwidwa kangati, anati anasiya kuwerenga. Amawagwira, amawatsekera, amatuluka ndi matenda a masingano obwerekana, n'kuwagwiranso. Ogulitsa enieniwo ali phee m'magalimoto akuda, akudya nkhosa yootcha.

Mukukumbuka mpanda wa kumunsi uja unkagwa chaka ndi chaka, mpaka munasiya kutukwana mphepo n'kusintha mizati? Inenso ndatopa ndi kudzutsa mpanda womwewomwewo. Nyumba yakale ya pasiteshoni ya sitima ndiisandutsa malo oti anthu amenewa azipezako nesi, dokotala, masingano atsopano ndi mankhwala akumwa owathandiza kusiya. Wapolisi akapeza mwana ndi kaufa kake kokha, azibwera naye kumeneko. Lamulo la dziko sindingalisinthe ndekha, koma kulikulu ndizipita mpaka atatopa nane.

Kwa inu ndikupempha chinthu chimodzi chokha. Sindikuti mumukhululukire, zimenezo ndi za mumtima mwanu. Kandulo yake muikweze pamwamba. Munthu amene ndamuona ndi maso angawa akupuma.

Mwana wanu,
Smiljana


Drenik, 2 Malichi 2005

Smiljana,

Moni. Phewa lili momwemo. Mitengo ndadulira theka. Kalata yako ndaiona.

Anthu anakusankha kuti ukonze misewu ndi madzi. Sanakusankhe kuti uzigawa masingano kwa mbava. Munthu woba makina a amayi ake dothi la pamanda lisanaphwe n'komwe, ukamupatsa singano yatsopano ndiye kuti wamuuza kuti wachita bwino. Za mpanda usandiphunzitse. Mizati yowolayo ndinaitaya, sindinaimangire nyumba.

Kandulo ndimagula ndekha ndipo ndimaika pomwe ndafuna.

Ndapatsira dalaivala wa basi nyama yowamba ndi botolo limodzi. Uzidya. M'nyuzipepala ukuoneka ngati msomali.

Obrad Gavrić


Topolnik, 9 Disembala 2006

Azakhali anga okondedwa,

Muli bwanji? Maondo akuti chiyani za chisanu cha chaka chino? Mundikhululukire kuti makalata anu ndakhala ndikuwayankha ndi timakhadi ta mawu awiri. Lero ndatseka chitseko cha ofesi, amene akufuna meya adikire.

Nyumba ija tinatsegula. M'khonsolo tinakokana chaka chathunthu, ndipo tinadutsa ndi dzanja la khansala wina wokalamba amene mpaka lero amakana kuti analikweza, ati ankakanda khutu. Penti tinatenga yotsala pa mabenchi a m'paki, ndiye anthu angoitcha Khomo Lobiriwira. Tsiku lotsegulira amayi a pamsika anabwera ndi mazira owola. Wogulitsa tchizi wina, mayi wa mawu ngati belu, ankakuwa kuti, "Meya wa majakisoni! Kagawe kwanu!" Jasi langa labwino lija linathera pomwepo.

Itatha miyezi ingapo ndinamuona mayi yemweyo pakhomo la kuseri, atadziphimba mpango mpaka m'maso, akukoka mnyamata wamtali kumuposa. Atandiona sanachite manyazi ayi. Anati, "A Meya, zija ndinanena zija ndinanena, sindibweza. Koma uyu mundisungire." Azakhali, ndinalira m'galimoto mpaka dalaivala anaika wailesi. Ana amene akanakhala kumanda chaka chino ena akuyendetsa njinga m'tauni muno. Si onse. Awiri tinaika m'manda m'chisanu chomwechi, ndipo kumaliro ndinapita ndekha, makhansala anali ndi chimfine onse.

Kulikulu ndapita kangapo. Ndimawauza kuti munthu wopezeka ndi kaufa kake kokha azionana ndi dokotala, osati woweruza. Ena amasinza. Bambo wina wa mimba yake anati, "Mayi, bwererani mukakonze zimbudzi za pamsika." Ndinati, "Ndakonza kale, bwana, mudzabwere mudzaziyese." Anaseka onse, koma lamulo silinasunthe. Ndipitanso mu Febuluwale.

Veljko amamwa mankhwala ake m'mawa uliwonse pamaso pa nesi, kenako amakonza njinga pakhonde. Wanenepa pang'ono. Wabwererapo ku ufa uja kawiri, sindikubisirani, ndipo kawiri konseko anabwera yekha kudzagogoda.

Za slava, phwando la woyera wa banja lathu, ndikudziwa kuti munakhumudwa. Tsiku la Mikayeli Woyera silinandiphonyepo chibadwire, ndipo buledi wanu wa tsikulo ndinachita kumulota. Koma atate anati ndibwere ndekha, ine ndinati tibwera awiri kapena sabwera aliyense. Patsikulo khomo limatsegukira ngakhale mlendo wosochera, nanga mwana wa m'nyumba? Mukawauze kuti mutu woumawu ndinatengera iwo. Mukawauzenso kuti ketulo yawo ya rakija yagoneka amuna ambiri a ku Drenik kuposa masingano anga, koma palibe amene anawatsekera. Kapena ayi, zomalizazi musanene, mungasamuke.

Kandulo ili pati?

Wanu,
Smiljana


Topolnik, 14 Malichi 2008

Azakhali,

Moni. Ndikulemba mothamanga kuti mumve kwa ine musanamve kusitolo.

Chisankho chili mu Meyi. Dzana akuluakulu a chipani anandiitanira nkhomaliro, ndipo nditangoona kuti aitanitsa nsomba yodula ndinadziwa kuti pali nkhani. Anati otsutsa adziwa kuti wokonza njinga pa Khomo Lobiriwira ndi mlongo wanga. Tcheyamani anatsitsa mawu, ati, "Mayi Meya, si nkhani yaikulu. Timutumize kumapiri kwa amonke mpaka tivote. Akafunsa, muziti mlongo wanu anachoka kalekale, simudziwa komwe ali." Ndinawayang'ana, n'kuona m'maganizo mwanga atate akuwerama pamchenga paja. Anthu onsewa akufuna chinthu chimodzi, kuti mwanayu akhale wakufa kuti iwo apume bwino.

Ndinapita kukamufunsa mwini wake. Anapukuta manja pa nsanza, ati, "Achemwali, ine manyazi ndinagulitsa limodzi ndi makina aja. Nenani." Ndiye lero m'mawa pa wailesi ndanena. Ndati dzina lake ndi Veljko Gavrić, mwana wa mayi anga, amamwa mankhwala pakhomo lomwelo, ndipo amene akuona kuti meya sayenera kukhala ndi mlongo wotere asandivotere, koma ayambe wayang'ana m'nyumba mwake.

Tcheyamani sakundiyankha moni. Atate ndikudziwa kuti wailesi yawo sizima. Muwayang'anire, mundiuze.

Smiljana


Drenik, 22 Epulo 2008

Smiljana,

Moni, ngakhale sindikudziwa ngati moniyu akupeza. Iwe mwana, wakhala chete bwanji? Ndaimba ku ofesi kwako kuchokera kusitolo, kamtsikana ka kumeneko kakungoti a Meya ali pamsonkhano. Msonkhano wanji wosatha?

Za pa wailesi zija atate ako anazimva ali patebulo. Anaika supuni pansi, ati, "Dzina la agogo anga walipachika pa chingwe ngati kabudula." Kwa sabata sanapite kusitolo. Amuna okhala pabenchi ya pasitolopo akamuona ankatsokomola.

Izo zinali zochepa. Lachinayi lapitali mayi wa pasitolo anabwera yekha ndi nyuzipepala, nkhope ataikonza bwino ngati wopita kumaliro. Alemba kuti mlongo wa meya anamutola ali gone m'chimbudzi cha pasiteshoni, milomo itada, ndipo pali chithunzi cha machira. Sananene ngati ali moyo. Obrad anawerenga ataimirira, n'kupinda pepalalo bwinobwino. Kenako anakwera kudenga n'kutsitsa matabwa a thundu aja wakhala akusungira bokosi lake la maliro. Ndi phewa limenelo! Wadzitsekera m'shedi, ndikungomva sowo ndi pulena. Ndikagogoda amati, "Kaone nkhuku zako."

Dzulo anatuluka utuchi uli m'mutu, ati, "Ulembere Smiljana anditumizire msinkhu wa mnyamatayo. Kuyambira kumutu mpaka ku chidendene." Dzina sanatchule.

Ndalemba monga wandituma. Koma iwe ndiuze zoona, mwana wanga, ndivale zakuda?

Kosara


Topolnik, 15 Meyi 2008

Atate,

Moni ndikupatsani chifukwa munandilera, koma mtima wanga ukuwira.

Veljko ali moyo. Atatchulidwa pa wailesi, atolankhani ankamudikirira pakhonde ngati agalu pa butchala, ana a sukulu akumuloza, ndipo anagweranso mu ufa uja. Mlandu umenewo mbali ina ndi wanga, ndiusenza. Amene anamupeza ndi mnyamata wa mayi wa tchizi uja. Anathamangira ku Khomo Lobiriwira, nesi anafika ndi jakisoni wodzutsa, Veljko n'kuyambanso kupuma. Chikhala kale, mnzakeyo akanathawa poopa apolisi, ndipo bokosi lanulo likanagwira ntchito. Ndinali naye kuchipatala masabata onsewa, n'chifukwa chake sindinalembe.

Chisankho ndaluza. Mumve kwa ine. Amene wapambana walonjeza kuti nyumba ija aisandutsa malo oimika magalimoto. Ndatula unyolo wa umeya, koma mpando wa ukhansala ndili nawo, ndipo amayi a pamsika, omwe aja a mazira, ayamba kale kugona pakhomopo mosinthana. Wogulitsa tchizi wati amene akufuna kugwetsa nyumbayo ayambe wamunyamula iye, ndipo sindikuona mwamuna wa mphamvu zotero m'khonsolo. Kulikulu ndipitabe, pa basi tsopano.

Msinkhu wake sindikutumizirani. Zaka zonsezi mwakhala mukumuika m'manda Lamlungu lililonse ndi kandulo, tsopano mwafika pomupalira matabwa ali maso. Ine ndataya mzinda chifukwa chokana kunena kuti ndilibe mlongo, ndipo atandibwezera tsiku lija ndinganenenso zomwezo. Matabwawo sungani. Muyeso wa mwana wamoyo simuupeza kwa ine.

Smiljana


Topolnik, 3 Juni 2008

Azakhali a Kosara,

Ndine Veljko. Musadabwe ndi zilembo zokhotazi. Muli bwanji? Galu uja Garo alipo? Achemwali akuti munatsala pang'ono kundivalira zakuda. Dikirani kaye, zakudazo sizikukhalani.

Ndikulemba chifukwa mutu wanga wabalalika. Dzulo ndinali pakhonde ndikumata chubu, ndinangoona nsapato ziwiri zopolishidwa zaima patsogolo panga. Ndikweze maso, atate. Avala suti ya kumaliro a amayi ija, chipewa chili m'manja. Azakhali, akalamba. Palibe anandiuza kuti akalamba chonchi.

Iwo anati, "Imirira." Ndinaimirira. "Tsamira khoma. Wongoka, ukupindika ngati chikwakwa." Anatulutsa muyeso wawo wopinda uja, wachikasu, n'kundiyeza kuchokera pansi. Pofika kumutu mkono unakana kukwera, moti ndinachita kugwira nsonga yake ndine. Analemba pachikhatho ndi pensulo.

Mayi wa tchizi anali pompo pampando wake. Anati, "Madala inu, mwabwera kudzagula munthu kapena kabati?" Atate anayang'ana chitseko, n'kuchigogoda ndi chala, ati, "Penti iyi ndi ya mabenchi. Ikufunika ina chisanu chisanafike." Nesi anawaitana kuti alowe amwe khofi. Analowa, anakhala pakati pa anyamata odikira mankhwala, chipewa chili pabondo, akuyang'ana nkhope imodziimodzi. Mmodzi anawapempha fodya, anamupatsa. Potuluka anandifunsa kuti, "Amene anakudzutsa ndi uti?" Ndinaloza nesi. Anamugwira dzanja nthawi yaitali, kenako anathamangira basi.

Dzina langa sanatchule. Achemwali atamva anapsa mtima, akuti ndikanakana kuyezedwa. Koma ine zaka zonsezi atate anali asanandikhudzepo, ndipo dzulo chala chawo chinagunda khutu langa. Ngati ndi bokosi, basi, likhale bokosi, bola apala ndi manja awo. Tandiuzani chimene chili m'shedimo.

Veljko


Drenik, 16 Juni 2008

Ana anga nonse awiri,

Moni. Muwerengere limodzi, sindilemba kawiri, maso atopa. Garo alipo, mano okha ndiwo anatha.

Lachisanu Obrad anandiitana kuti ndimugwirire mbali ina. Ndinalowa m'shedi ndikupemphera chamumtima. Ana inu, ndi bedi. Bedi la thundu, lalitali, miyendo yake ngati ya ng'ombe. Ndinakhala pansi pa utuchi pomwepo. Ndikuti, "Nkhalamba yopanda nzeru iwe, osanena bwanji? Ana akulira kutauni, ine ndatsala pang'ono kufa!" Ati, "Anandifunsa ndani? Nonse mumangodziwa kukuwa." Ndikuti, "Nanga iwe tidzakuika m'chiyani?" Ati, "Simudzasowa makatoni." Tinalinyamula mpaka m'chipinda chakale chija, tikutukwanana njira yonse.

Akuti tsiku la nyuzipepala lija, poona machira aja, anaganiza chimodzi chokha: akakhala kuti wafa, wafa alibe pogona kwawo. Zimenezi wandiuza akuyang'ana khoma, ndipo mukadzamufunsa adzakana.

Za dzulo kutchalitchi akuti alemba yekha. Wakhala patebulo chiyambire m'mawa, wang'amba mapepala anga abwino atatu. Nazi zimene zatsala.

Kosara


Smiljana,

Moni. Kalata yako yaukali ndinaiona. Pakamwa ndi pa amayi ako.

Mpando waluza, chabwino. Udzaimenso. Nyumba ija ndaiona ndekha. Denga la kumpoto likudontha ndipo khofi wake ndi woipa, koma asaigwetse. Akabwera ndi zigalimoto zawo undiuze, ndidzakhala pafupi ndi mayi wolongolola uja. Ukamapita kulikulu uzivala jasi, m'basi mumazizira.

Pa slava mubwere awiri. Buledi tidzanyema atatu. Rakija patebulo sipakhala, nesi wandiuza kuti sayenderana ndi mankhwala ake, ndipo alendo amene adandaule akamwe kwawo. Sindikuti ndaiwala za makina. Nesi yemweyo wandiuzanso kuti akhoza kudzagwanso. Ndamva. Bedi silithawa.

Dzulo ndinagula makandulo atatu monga mwa masiku onse. Ya amayi ako ndinazika pansi. Yako pamwamba. Yachitatu ndinaima nayo mpaka phula linandiotcha chala, anthu akudikira kumbuyo. Pamwamba paja ndi patali kwa munthu wa phewa ngati langa, koma ndinafikira.

Umuuze Veljko kuti msana wanga watopa. Asandiweramitsenso.

Atate wako